Tarry

Tarry ndi mneni wakale wa Chingerezi wotanthauza kuchedwa, kukhala pamalo kwa kanthawi, kapena kudikira. Masiku ano samveka kawirikawiri pakamwa pa anthu, ndipo malo ake anatengedwa ndi aneni wait, stay ndi delay. Komabe amapezeka kwambiri m'mabuku akale, makamaka m'Baibulo la King James la 1611 ndi m'masewero a William Shakespeare. Akakamba za kale amalembedwa tarried.

Matanthauzo

M'Chichewa mulibe liwu limodzi lokwana matanthauzo onse a tarry, choncho womasulira amayamba waona nkhani imene ikukambidwa.

Tanthauzo loyamba ndi kuchedwa kapena kuzengereza. Mwana wotumidwa kumsika wa Nsaru akatanganidwa ndi masewero panjira mpaka dzuwa kupendeka, Mngerezi wakale akanagwiritsa ntchito tarry.

Lachiwiri ndi kukhala pamalo kwa nthawi yochepa, monga mlendo wochokera ku Kabudula akaswera kapena kugona masiku awiri kwa abale ake ku Nambuma. Apa palibe cholakwa chilichonse. Munthuyo wangoima paulendo.

Lachitatu ndi kudikira kapena kulindira, ngati mmene anthu amaimira pa Mpingu kudikira minibasi ya ku Mchinji. 

Chiyambi chake

Mneniyu anayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1300, ndipo ankalembedwa tarien. Akatswiri a zilankhulo amagawanika pawiri pa za gwero lake.

Ena amati anachokera ku tergan, mneni wa Chingerezi chakale kwambiri wotanthauza kuputa kapena kukwiyitsa munthu. M'Chidatchi muli tergen mpaka lero, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Kamvekedwe ka mawuwa kakugwirizana ndi tarien, koma tanthauzo likutalikirana.

Ena amaloza ku Chifalansa chakale, chimene chinathira mawu ambiri m'Chingerezi Anormani atagonjetsa England mu 1066. Chifalansacho chinali ndi aneni tarder ndi targer, otanthauza kuchedwa, ochokera ku liwu la Chilatini tardus. Kuno tanthauzo likugwirizana bwino, koma kamvekedwe n'kamene kakuvuta. Liwu la Chingerezi tardy, lonena za munthu wochedwa, linachokeranso ku tardus.

Pali liwu lina lolembedwa chimodzimodzi, tarry, lofotokoza chinthu chopakidwa phula. Ilo linachokera ku tar, limatchulidwa mosiyana, ndipo silikhudzana ndi kudikira.

M'Baibulo ndi m'mapemphero

Baibulo la King James lili ndi tarry pa Luka 24:49, pamene Yesu akuuza ophunzira ake kuti asachoke mu Yerusalemu mpaka atalandira mphamvu yochokera kumwamba. Lilinso pa Mateyu 26:38, m'munda wa Getsemane, ndi pa Habakuku 2:3, ponena za masomphenya ooneka ngati akuchedwa. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, limaonetsa kusiyanaku: pa Luka ndi Mateyu lili ndi mneni kukhala, pomwe pa Habakuku lili ndi kuchedwa. Mabaibulo atsopano a Chingerezi ambiri anaika stay kapena wait pamavesi a Luka ndi Mateyu.

Kuchokera pa vesi la Luka lija, Akhristu a Chipentekoste anayamba kutchula mapemphero odikira Mzimu Woyera kuti tarrying. Mchitidwewu unadziwika kwambiri pa chitsitsimutso cha ku Azusa Street mumzinda wa Los Angeles, chimene chinayamba mu 1906 motsogozedwa ndi William Seymour. N'chifukwa chake liwuli likadamvekabe m'mipingo ina ngakhale linatha m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku.

M'masewero a Shakespeare

Ophunzira a ku sekondale m'Malawi, kaya ku Namitete kaya kwina kulikonse, amakumana ndi liwuli powerenga Shakespeare pokonzekera mayeso a MSCE. Chakumapeto kwa Macbeth, mfumuyo itamva kuti nkhalango ya Birnam ikuyenda, imavomereza kuti kuthawa sikungathandize ndipo kukhala pomwepo sikungathandizenso. Liwu la kukhalako ndi tarrying. Wolimasulira kuti kuchedwa ataya mfundo yake, chifukwa Macbeth sakudandaula za nthawi koma za kusowa kolowera. Mu The Merchant of Venice, Portia amagwiritsa ntchito tarry poimitsa Shylock m'bwalo la milandu, ndipo pamenepo Chichewa chake ndi "taima kaye".

Mawu ofanana nawo

Bide ndi mneni wina wakale wa kudikira, koma gwero lake n'lodziwika bwino: anachokera ku bidan wa Chingerezi chakale. Kumeneko n'kumene kunachokeranso abide, kutanthauza kukhalabe kapena kupirira, ndi abode, malo okhala.