Sitima za m'mabuku akale ndi njira ya ku Magomero

Magomero, m'boma la Chiradzulu, ali kutali ndi doko, koma mishoni ya kumeneko inabwera pa sitima. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA anakwera mtsinje wa Shire pa sitima ya Pioneer pamodzi ndi David Livingstone, natsikira kwa Chibisa, n'kukwera mapiri wapansi. Zithunzi za maulendo amenewa zili m'buku la David ndi Charles Livingstone limene John Murray anasindikiza ku London mu 1865, ndipo wofuna kuzimvetsa ayambe wadziwa kuti chithunzi chinkadutsa m'manja mwa anthu atatu. Wojambula wa paulendo ankajambula zimene waona. Ntchitoyi inali ya Thomas Baines mpaka pamene anachotsedwa mu 1859. Wozokota, yemwe Shire ankangomumva, ankasema chithunzicho pa thabwa lolimba, kusiya mizere yotukuka yoti igwire inki. Wosindikiza ndiye ankasankha zolowa m'buku.

M'manja amenewa sitima inkatuluka yokongola. Maso amakopeka ndi mlongoti, thanga, chumuni chofuka utsi ndi gudumu lopalasa madzi m'mbali. Chimene chinkalamula ulendo chili pansi pa madzi, pomwe wozokota sakanafika: kuya kumene sitima imalowa ikasenza katundu. Pioneer inkalowa mapazi asanu, motero inkatitimira mumchenga wa Shire, amalinyero n'kumaponya nangula patsogolo ndi kuikoka ndi chingwe pang'onopang'ono. Sitima ya Ma Robert, imene inkayenda Pioneer isanabwere, inkadya nkhuni moti ulendo unkaima kudikira nkhwangwa. Sitima ya Ilala mu 1875 inadutsa mathithi a Shire ili zidutswazidutswa pamitu ya amtengatenga mazanamazana. Anthu amenewa, pamodzi ndi opalasa mabwato ndi nkhafi, pa zithunzi zambiri amangokhala timizere ta m'mphepete.

Wina anganene kuti zokometsedwa ku London si umboni, tizisiye. Pamenepa ndikukana. Makamera a nthawiyo anali olemera ndiponso ochedwa, choncho zambiri za m'zaka zimenezo tikuziona kudzera mwa ozokota omwewa, ndipo wodziwa pomwe dzanja lawo linawonjezera amatha kupeta mankhusu n'kutsala ndi chimanga. Buku la 1865 lija lili ndi chithunzi cha mzere wa akapolo, goli lili m'khosi, mphanda yake yotsekedwa ndi chitsulo. Magoli otere ndi amene anadulidwa ndi sowo kwa Mbame mu Julayi 1861, ndipo omasulidwa tsikulo ndiwo anayamba mudzi wa mishoni ku Magomero.