Injini Zakale za Maboti ndi Amakaniko Ake: Kuchokera ku Gombe la Nkhata Bay Kufika ku Manyamula

Manyamula, malo a malonda amene ali m'dera la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa m'boma la Mzimba, ndi kumtunda kwenikweni, ndipo munthu wochoka kumeneko kupita ku nyanja amayenera kudutsa mapiri a Viphya asanatsetserekere ku gombe la Nkhata Bay kapena la Chintheche. Ngakhale zili choncho, usipa wouma umene amayi amagula pa msika wa Manyamula kapena wa pa boma la Mzimba umadalira kwambiri injini yaing'ono yopachika kumbuyo kwa boti, imene imafikitsa asodzi pakati pa nyanja usiku ndi kuwabweza kumtunda m'mawa nsomba zisanayambe kuonongeka. Mbiri ya injini zimenezi m'dziko muno sinalembedwe mokwanira, koma imaoneka bwino pa ziwalo ziwiri zimene zakhala zikuvutitsa asodzi kwa zaka zoposa 60, zomwe ndi kabuleta ndi pampu ya madzi. Matenda a ziwalo ziwirizi sachokera ku ukalamba wa injini kokha, koma makamaka ku mtundu wa mafuta amene dziko lino lakhala likugulitsa ndi ku mchenga wa magombe amene maboti amakocheza.

Injini yopachika pa boti inatchuka koyamba ku America, kumene Ole Evinrude anayamba kupanga ndi kugulitsa yake mu mzinda wa Milwaukee m'chaka cha 1909, ndipo abale a banja la Johnson anatsatira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920. Koma injini imene inadziwika kwambiri m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain inali Seagull, yomwe inayamba kupangidwa ku Wolverhampton m'chaka cha 1931, kenaka ntchito yoipanga n'kusamukira ku Poole, kumene inapitirira mpaka 1996. Seagull inali injini ya silinda imodzi, yaphokoso ndi yautsi, imene munthu ankailiza pokulunga chingwe pa gudumu lapamwamba n'kukoka, ndipo thanki yake ya mafuta inkakhala pamutu pa injiniyo kotero kuti petulo ankangotsika yekha popanda chomupopa. Mphamvu zake zinali zochepa, koma pulopela yake inkazungulira pang'onopang'ono mwa mphamvu yokwanira kukankha boti lolemera la matabwa, ndipo munthu wokhala ndi sipanala ziwiri zitatu ndi sikuludiraiva ankatha kuimasula yonse pansi pa mtengo.

Kufika kwa injini zotere pa nyanja ya Malawi kunayendera limodzi ndi ulendo wa amuna opita kukagwira ntchito ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni. Atonga a ku Nkhata Bay ndiwo anali oyamba kutchuka ndi maulendo amenewa, koma Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba sanatsalire, makamaka dera lawo litalowa mu ulamuliro wa Britain m'chaka cha 1904 ndipo msonkho utayamba kufunidwa mu ndalama. Ena ankapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la WENELA, pamene ena ankapita paokha, ulendo umene unkatchedwa selufu. Katswiri wa mbiri John McCracken, amene analemba za usodzi wa m'nthawi ya atsamunda, anaonetsa kuti anthu obwera kuchokera ku maiko a kummwera ndiwo ambiri anaika ndalama zawo mu usodzi, ndipo ndalama zimene munthu wa ku Mzimba ankagulira ng'ombe, ngolo kapena chigayo, mnzake wa kunyanja ankagulira ukonde wa nayiloni, boti la matabwa ndipo pambuyo pake injini. Ukonde wa chilimira, umene umakokedwa pakati pa madzi akuya pogwira utaka ndi usipa, unkafuna boti lotha kunyamula anthu ambiri ndi kukoka mabwato, ndipo apa m'pamene injini inasiyana ndi nkhafi. Sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe m'boma la Mangochi inathandizanso kufalitsa luso lokhoma maboti a matabwa ndi losamala injini zake. Ndege ya WENELA itagwa ku Francistown m'mwezi wa April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kwa kanthawi kulemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo amuna ambiri anabwerera kwawo, ena mwa iwo ali ndi luso la zitsulo limene anaphunzira kumeneko.

Pafupifupi injini zonse zakalezi ndi za mtundu umene oyilo amasakanizidwa ndi petulo mu thanki momwemo, chifukwa zilibe malo ake osungira oyilo, ndipo ziwalo zam'kati zimatetezedwa ku kukhulana ndi oyilo yekhayo amene walowa limodzi ndi mafuta. Seagull yakale inkafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 10 a petulo, pamene injini za Yamaha zimene zinadzailowa m'malo zimafuna gawo limodzi pa magawo 50. Kabuleta ndi chiwalo chimene chimasakaniza mafuta amenewa ndi mpweya asanalowe mu silinda. Pansi pake pali kambale kosungira mafuta pang'ono, ndipo m'kambalemo muli fuloti, kanthu kopepuka koyandama kamene kamakankha kasingano kotseka njira ya mafuta kambaleko kakadzaza. Kuchokera m'kambalemo mafuta amakwera kudzera pa jeti, kachitsulo ka mkuwa kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri, ndipo amakokedwa ndi mpweya umene ukuthamanga pakhosi pa kabuleta. Tchoko ndi kachitseko kochepetsa mpweya kuti injini yozizira ilandire mafuta ochuluka poiliza.

Makaniko wodziwa ntchito yake sathamangira sipanala, koma amayamba wafunsa mwini boti momwe injini inazimira, chifukwa matenda a kabuleta amadziulula okha. Injini imene ikulira tchoko chili chotseka koma n'kuzima akangochitsegula, ndiye kuti jeti yatsekeka ndipo mafuta sakukwanira. Injini imene ikudontha petulo pakamwa pa kabuleta, pulagi yake n'kutuluka yonyowa ndi yakuda bii, ndiye kuti kasingano sikakutseka, mwina chifukwa ka dothi kakhala pampando pake kapena chifukwa fuloti yabooka n'kumira. Imene imayenda bwino kwa mphindi zingapo kenaka n'kufooka pang'onopang'ono, kawirikawiri vuto lake silikhala mu kabuleta n'komwe koma pa chitsekero cha thanki, chimene kabowo kake kolowetsa mpweya kaiwalika kotseka. Choopsa pa matenda onsewa ndi kuchepa kwa mafuta, pakuti mu injini ya mtundu uwu mafuta akachepa ndiye kuti oyilonso wachepa, ndipo pisitoni imatentha mpaka kumatirira ku silinda. Chizolowezi chofala chotokosa jeti ndi kawaya chimaoneka ngati chathetsa vuto tsiku lomwelo, koma mkuwa ndi wofewa, kabowoko kamakula, ndipo injiniyo imayamba kumwa mafuta mopitirira muyeso kwa moyo wake wonse. Amakaniko osamala amatsuka jeti m'petulo woyera ndi kuiuzira mpweya, kenaka n'kuiyang'ana kudzuwa kuti aone ngati kabowo kali kozungulira bwino.

Pali chifukwa china cha matenda a kabuleta chimene chili cha dziko lino mwapadera. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol, mowa wamphamvu wochokera ku zotsalira za nzimbe, m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina inadzatsegulidwa ku Chikwawa m'chaka cha 2004, kutanthauza kuti asodzi a kuno anakumana ndi mafuta osakaniza kale kwambiri anzawo a ku Ulaya asanayambe kudandaula nawo. Ndondomekoyi inathandiza dziko kuchepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta, koma injini zakale sizinapangidwe ndi mafuta otere m'maganizo. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki, pamene paipi imayamwira, kotero kuti injini imalandira madzi osakanikirana ndi mowa m'malo mwa mafuta a oyilo. Amaononganso mapaipi ndi timphira ta mtundu wakale, ndipo amasungunula utomoni umene unkapakidwa pa mafuloti a injini zina zakale za ku America. Pamwamba pa izi panabwera nyengo za kusowa kwa mafuta, monga ya 2011 ndi 2012, pamene petulo ankagulidwa m'zigubu kwa mavenda, ali ndi fumbi, madzi ndipo nthawi zina parafini. N'chifukwa chake kusefa mafuta ndi kansalu pothira mu thanki, komanso kuzimitsa injini poitsekera mafuta kuti kambale ka kabuleta kaume, kunasanduka mwambo wa asodzi osamala.

Nkhani ya pampu ya madzi ndiyo imasonyeza bwino kusiyana kwa mibadwo iwiri ya injini. Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo, amene amalowera pa timabowo ta kumwendo kwa injini pafupi ndi pulopela, n'kukankhidwa kukwera ndi kapaipi mpaka kukazungulira silinda. Pa Seagull chokankha madzicho chinali kagudumu kolimba kamene sikankakhudza makoma a nyumba yake, choncho sikankatha msanga ngakhale m'madzi a mchenga, ndipo vuto lake lenileni linali dzimbiri ndi matope zimene zinkatseka njira za madzi m'silinda yake yachitsulo, mpaka makaniko atachotsa mutu wa injini n'kuzipala. Makampani a ku Japan atalowa pa msika, Yamaha itatulutsa injini yake yoyamba ya boti m'chaka cha 1960 ndipo pambuyo pake mtundu wa Enduro umene unapangidwira asodzi a m'maiko osauka, asodzi anapeza liwiro ndi mphamvu zimene Seagull sikanatha kupereka, koma analandiranso impela, kagudumu ka mphira kokhala ndi mapiko ofewa amene amakhula makoma a nyumba yake pozungulira. Impela imapopa bwino ngakhale injini ikuyenda pang'onopang'ono, koma madzi omwewo ndiwo amaiteteza ku kutentha, ndipo munthu akaliza injini pamtunda pofuna kungoiyesa, mapikowo amapsa mphindi imodzi isanathe.

Pa magombe a mchenga monga a ku Chintheche, kumene boti limakocheza mwera ukuwinduka ndipo madzi ali ovunduka, mchenga umalowa mu pampu n'kukanda nyumba ya impela, kotero kuti impela yatsopano yoikidwa m'nyumba yokandika sikhalitsa. Chizindikiro chimene woyendetsa boti amayang'ana ndi kamtsinje ka madzi kotuluka kumbali kwa injini, ndipo kakafooka kapena kutentha, wanzeru amazimitsa pomwepo. Si nthawi zonse pamene vuto limakhala lalikulu, pakuti kabowo kotulukira madziko kamatsekekanso ndi mchenga kapena ndi dothi la tizilombo tomanga zisa injini ikakhalitsa pakhonde. Koma ngati kabowo kali bwino, makaniko amamasula mabawuti ogwira giyabokosi, n'kutsitsa mwendo wonse, n'kuvundukula pampu. Akapeza mapiko atathyoka amawawerenga, chifukwa kachidutswa kamene kasowa kamakhala katakwera m'paipi, ndipo kakasiyidwa komweko injini imatenthabe ngakhale impela ili yatsopano. Pobwezera amaonetsetsa kuti kakiyi kakang'ono kogwirizanitsa impela ndi shafiti kali m'malo mwake, ndipo amazunguza shafitiyo mbali imene injini imazungulira kuti mapiko apindikire koyenera. Mwayi umodzi umene nyanja ya Malawi ili nawo ndi wakuti madzi ake alibe mchere, choncho zitsulo za injini sizidyeka msanga monga zimachitira ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene injini za zaka makumi angapo zimapezekabe pa ntchito.

Ku America ndi ku Ulaya malamulo oteteza chilengedwe anachotsa pa msika injini zatsopano za kabuleta zosakaniza oyilo ndi petulo pofika zaka za m'ma 2000, kampani imene inkapanga Evinrude ndi Johnson inagwa m'chaka cha 2000, ndipo injini za Evinrude zinasiya kupangidwa m'chaka cha 2020, kotero kuti kumeneko zakale kwambiri mwa injini zotere zimasungidwa ndi anthu okonda zinthu zakale. Kuno zidakali chuma chodyetsa mabanja, ndipo kugwa kwa kwacha, monga kwa May 2012 ndi kwa November 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kwachititsa kuti injini yatsopano ikhale yosafikirika kwa asodzi ambiri. Amakaniko ambiri a m'magombe anaphunzira ntchitoyi pothandizira amisiri anzawo osati m'kalasi, ndipo sipeya wawo wamkulu ndi injini zakufa zimene amazisunga kuseri kwa nyumba, kumene amachotsako jeti, fuloti kapena nyumba ya pampu, pamene gasiketi amadula okha pa pepala lolimba.

Ku Manyamula luso lomweli linafika mochedwerapo ndiponso kudzera njira ina. Kulemba anthu ntchito za m'migodi kutatheratu cha m'ma 1988, amuna a ku Mzimba anapitiriza ulendo wa selufu, umene unakula kwambiri pambuyo pa 1994, ndipo Jens Andersson, amene anafufuza za maulendowa, anafotokoza m'chaka cha 2006 momwe anthu a m'bomali anakhazikitsira okha ntchito yonyamula anthu ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Johannesburg. Ndalama ndi katundu wochokera kumeneko zinachulukitsa injini zazing'ono za petulo m'midzi, monga majenereta, njinga zamoto za kabaza ndi mapampu othiririra madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Mzimba ndi South Rukuru, ndipo pafupifupi zonsezi zili ndi kabuleta ya fuloti, kasingano ndi jeti yofanana ndi ya pa boti. Kusiyana kwake n'kwakuti injini za kumtunda zimaziziritsidwa ndi mpweya, choncho mdani wake ndi fumbi la m'chilimwe lotseka sefa ya mpweya, pamene pampu ya m'dimba imavutika ndi mchenga wa mumtsinje umene umadya chotsekera madzi cha pa shafiti yake, komanso ndi mafuta amene amatsalira mu kabuleta nyengo yonse ya dzinja, makinawo atasungidwa m'nyumba kudikira kuti mvula ithe.