Mbiri ya Nambala ya pa Jinzi

Kale zovala zinalibe nambala. Munthu akafuna malaya kapena buluku ankapita kwa telala, apo ayi wina pakhomo ankamusokera ndi singano. Ku Ulaya, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, atelala ambiri ankayeza ndi kapepala kakatali kopyapyala. Ankakazunguliza pachifuwa, m'chiuno ndi m'mapewa mwa munthu, n'kumakadula timipata pamene muyeso uliwonse wathera, kenako n'kukasunga atalembapo dzina la mwini wake. Chovala chinkatsata thupi la munthu mmodzi. Zosokeratu zinalipo, koma zinali za amalinyero, akapolo ndi amphawi, ndipo ankazisoka zazikulu mwadala kuti aliyense angolowamo.

Chimene chinabweretsa nambala ndi nkhondo. Boma likalemba asilikali zikwizikwi pa mwezi umodzi, silingadikire telala kuti ayeze mmodzimmodzi. M'ma 1840 katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, anaunika miyeso ya zifuwa za asilikali a ku Scotland oposa 5,000, ndipo anaona kuti ambiri amaunjikana pakatikati, pamene aakulu kwambiri ndi aang'ono kwambiri amakhala ochepa. Nthawi yomweyo makina osokera anali akubadwa: Elias Howe analembetsa ake ku boma mu 1846, Isaac Singer mu 1851. Choncho nkhondo yapachiweniweni ya ku America itabuka mu 1861, zonse zofunika zinali zilipo. Asilikali ankayezedwa, mafakitale ankasoka mayunifolomu m'masaizi owerengeka, ndipo zinaoneka kuti ukadziwa kukula kwa chifuwa cha mwamuna, miyeso inayo ukhoza kuiganizira osaphonya kwambiri. Nkhondo itatha mu 1865, mafakitale omwewo anayamba kusoka masuti ndi mathalauza a anthu wamba. Saizi ya amuna inakhala muyeso weniweni wa mainchi: 38 kapena 40 pachifuwa, 32 kapena 34 m'chiuno.

Jinzi inabadwa m'nyengo imeneyi. Levi Strauss, wobadwira ku Bavaria mu 1829, anafika ku San Francisco mu 1853 n'kuyamba kugulitsa nsalu ndi katundu wina mopikulitsa. Mmodzi mwa omwe ankaoda nsalu kwa iye anali Jacob Davis, telala wobadwira ku Riga amene ankasoka mumzinda wa Reno ku Nevada. Cha m'ma 1870 mayi wina anapempha Davis kuti asokere mwamuna wake, munthu wojintcha wogwira ntchito yakalavulagaga, buluku yoti isamang'ambike msanga. Davis anatenga tizitsulo ta mkuwa timene ankalimbitsira zofunda za akavalo n'kutikhomerera m'makona a matumba. Mabuluku oterowo anayenda malonda, koma Davis analibe ndalama zolembetsera luso lakelo ku boma, choncho mu 1872 analembera Strauss kalata yoti agwirizane. Chiphaso chinatuluka pa 20 May 1873. Buluku yoyamba ija inasokedwa pa muyeso wa munthu mmodzi, koma zotsatira zake zinali zochokera m'fakitale, zolembedwa manambala awiri: ya chiuno ndi ya kutalika kwa mwendo.

Ngakhale pamenepo nambala sinkanena zonse. Nsalu ya jinzi ndi ya thonje, ndipo thonje limafwanyana likakumana ndi madzi koyamba. Wogula ankadziwa kuti ayenera kutenga yokulirapo ndi inchi imodzi kapena awiri m'chiuno, komanso yotalikirapo, kuti akaichapa imukwane. Mu 1930 Sanford Cluett analembetsa njira yofwanyitsa nsalu isanadulidwe, ndipo makampani ena anaitsatira pamene ena anapitiriza mwakale. Kuyambira pamenepo majinzi awiri olembedwa 32 ankatha kufanana m'sitolo koma n'kusiyana akatuluka m'beseni lochapira.

Nkhani ya amayi inayenda njira ina, ndipo kumeneko ndi kumene chisokonezo chachikulu chinayambira. Amayi anachedwa kuyamba kugula zosokeratu chifukwa madiresi a nthawi imeneyo ankagwira thupi, choncho ankasokedwa pakhomo kapena kwa telala. Mu 1863 Ebenezer Butterick anayamba kugulitsa mapatani a pepala a masaizi osiyanasiyana. Zosokeratu za akazi zitayamba kuchuluka, za amayi zinkalembedwa molingana ndi chifuwa, potengera za amuna, pamene za atsikana zinkalembedwa molingana ndi zaka zakubadwa: 14, 16, 18. Koma chifuwa cha mayi sichiuza telala kukula kwa chiuno kapena mbina yake, ndipo atsikana awiri a zaka 16 sakhala ndi thupi limodzi. Kampani iliyonse inkangoganizira yokha. Pofika m'ma 1930, pamene Levi Strauss & Co. inatulutsa jinzi yake yoyamba ya amayi mu 1934, masitolo ndi makampani ogulitsa kudzera pa positi ankataya ndalama zambiri pokonzanso zovala ndi polandira zobwezedwa.

Boma la America linalowererapo. Mu 1939 ndi 1940 nthambi ya unduna wa zaulimi yoona za pakhomo inachita kafukufuku wamkulu motsogozedwa ndi Ruth O'Brien ndi William Shelton. Amayi pafupifupi 15,000 anayezedwa, aliyense miyeso 59, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 1941. Inali ntchito yochitidwa mwakhama, koma inali ndi zilema ziwiri zimene zinadzavutitsa mibadwo yam'tsogolo. Choyamba, miyeso ya amayi achizungu yokha ndi imene inawerengedwa. Ya amayi akuda ndi a mitundu ina inasiyidwa, ngakhale kuti nawonso ankagula m'masitolo omwewo. Chachiwiri, obwera kudzayezedwa ankalandira kandalama, ndipo popeza dziko linali likutuluka kumene m'zaka za umphawi wadzaoneni, ambiri amene anabwera anali osauka ndi ochepa thupi. Komabe ofufuzawo anapeza mfundo yofunika: matupi a amayi ndi osiyana kwambiri moti nambala imodzi singawalongosole. Anati chimene chimathandiza bwino ndi msinkhu pamodzi ndi kulemera kwa thupi. Amalonda sanaifune njira imeneyi, poona kuti mayi sangalole kutchula kulemera kwake pamaso pa wogulitsa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, bungwe la makampani ogulitsa kudzera pa positi linapempha ofesi ya boma yoona za miyeso, National Bureau of Standards, kuti iunikenso ntchitoyo. Ofesiyo inaonjezerapo miyeso ya amayi amene anagwira ntchito yausilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, omwe anali achitsikana ndi olimbitsa thupi. Mu 1958 panatuluka muyeso wa boma wotchedwa CS 215-58. Unali ndi masaizi kuyambira 8 mpaka 38, zilembo zosonyeza ngati munthu ndi wamtali, wapakati kapena wamfupi, ndi chizindikiro chosonyeza kukula kwa mbina. Manambalawo sankaimira inchi kapena sentimita iliyonse, anali maina chabe a mizere ya pa tchati. Saizi 8 ya nthawiyo inali ya chifuwa cha mainchi 31, chiuno cha 23.5 ndi mbina ya 32.5.

Makampani a positi anayesa kuutsatira, koma amayi ambiri sankakwanamo, chifukwa tchaticho chinaganizira thupi la chiuno chowonda kwambiri, lomwe ndi ochepa okha ali nalo. Mu 1970 boma linaukonzanso n'kunena kuti woufuna autsate, wosaufuna ausiye. Mu 1983 linauchotseratu. Kuchokera m'ma 1990 bungwe la ASTM International lakhala likusindikiza matchati ake, koma palibe lamulo lokakamiza kampani kuwagwiritsa ntchito. Kuyambira 1983, ku America saizi ya chovala ndi chimene mwini kampani wanena.

Zimene zinachitika pambuyo pake zili ndi magwero awiri. Loyamba, anthu a ku America ndi ku Ulaya anakula matupi. Ku Britain kafukufuku wa SizeUK, amene anayeza anthu pafupifupi 11,000 ndi makina ounika thupi lonse kuyambira mu 2001, anapeza kuti chiuno cha mayi wapakatikati chinali mainchi 34, pamene mu 1951 chinali 27.5. Lachiwiri, amalonda anazindikira kuti munthu amagula mokondwa akaona nambala yaing'ono. M'malo mouza kasitomala kuti wachoka pa 10 wafika pa 14, anakulitsa 10 uja mwakachetechete. Pofika 2008, saizi 8 ya pa tchati cha ASTM inali itakula ndi mainchi 5 mpaka 6 pachifuwa, m'chiuno ndi pambina poyerekeza ndi ya 1958. Mayi wa chifuwa cha mainchi 32 ankavala 14 m'katalogi ya kampani ya Sears ya 1937 ndipo mu 1967 ankavala 8. Manambala atatha kumunsi, panabadwa saizi 0, kenako 00.

Amuna ankaoneka ngati apulumuka popeza nambala yawo ndi ya mainchi, koma ayi. Mu 2010 mtolankhani Abram Sauer wa magazini ya Esquire anatenga tepi n'kukayeza mathalauza olembedwa 36 m'masitolo osiyanasiyana. Palibe ngakhale imodzi imene inali 36. Ya H&M inali 37, ya Gap 39, ya Old Navy 41.

Sikuti zonse ndi kunyengerera wogula. Kusiyana kwina kumachokera m'kasokedwe. Kampani iliyonse imasankha munthu mmodzi wa thupi lofanana ndi makasitomala amene ikuwafuna, n'kusokera pa iye saizi yapakati. Masaizi enawo amapezeka poonjezera kapena kuchotsa pa patani yomweyo. Kampani yofuna achinyamata a m'tauni ndi yofuna amayi a zaka 50 sizingasankhe thupi limodzi, choncho 12 wawo sangafanane. M'fakitale nsalu imayalidwa yambirimbiri mosanjikiza n'kudulidwa kamodzi, ndipo mpeni ukapendekeka pang'ono, zidutswa za pamwamba ndi za pansi zimasiyana. Wosoka akalowetsa msoko pang'ono mbali zonse ziwiri, chiuno chachepa. N'chifukwa chake mafakitale amaloledwa kuphonya pang'ono, nthawi zambiri cha m'ma theka la inchi. Jinzi ya kampani imodzi ikhoza kusokedwa ku Bangladesh, ku Vietnam, ku Mexico kapena ku Lesotho, kulikonse ndi nsalu yake ndi kachapidwe kake. Palinso ulusi wotamuka umene Joseph Shivers anapanga ku kampani ya DuPont mu 1958: jinzi yokhala nawo imadulidwa yocheperapo chifukwa idzatamuka pathupi. Ndiye pali pamene lamba akukhala. Jinzi zotsika m'chiuno zimene zinatchuka cha m'ma 2000 zimakhala pamene thupi ndi lotakata, choncho nsalu yake imaposa nambala yolembedwayo.

Pamwamba pa zonsezi, dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Diresi imene ku Britain ndi 12, ku America ndi 8, ku Germany 38, ku France 40, ku Italy 44. Mayiko a ku Ulaya anakonza muyeso wa EN 13402 kuyambira mu 2001, wofuna kuti chovala chizilembedwa miyeso ya thupi m'masentimita, koma makampani ambiri akadali ndi manambala awo akale. Lero, pamene anthu ochuluka akugula pa intaneti osayesa, kusakwana ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zobwezera zovala.

Mbiri yonseyi imadzathera pa mphasa ya wogulitsa kaunjika. Kuno ku Malawi lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza mpaka pamene linachotsedwa mu 1993, ndipo jinzi zambiri zimene amayi ndi abambo avala kuyambira nthawiyo zatuluka m'mabelo. Belo limodzi likatsekulidwa ku Limbe kapena ku Lilongwe, monganso ku Chipata, mumatuluka zovala za makampani ambiri ndi za zaka zosiyanasiyana, ndipo pamsika pomwepo pali zatsopano zochokera ku China za kawerengedwe kenanso. Wogula wozolowera sataya nthawi ndi nambala. Amatseka batani la jinzi, n'kuzunguliza chiuno chake m'khosi kuona ngati mbali ziwirizo zikumana kumbuyo, kapena amalowetsa mkono kuyambira pa chigongono mpaka pa nkhonya. Ikakula amapita nayo kwa telala wa pakhonde la sitolo, amene amaibweza m'chiuno ndi kuipinda m'munsi. Njira zimenezi zimaphonya nthawi zina, komabe zimayeza nsalu ndi thupi la mwini wake, chimene nambala ya pa jinzi inasiya kuchita kalekale.

Chodandaulitsa n'chakuti anthu ambiri, makamaka atsikana, amadziona ngati olakwika pamene saizi imene anazolowera yakana kukwera. Zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo kafukufuku wa 1941 amene manambala a amayi anachokerako sanawerengere matupi a amayi akuda n'komwe. Choncho pitani kwa telala akuyezeni chiuno, mbina ndi kutalika kwa mwendo, mulembe miyesoyo ndi kuisunga. Pogula, yezani chovalacho kapena funsani tchati cha masentimita cha kampaniyo, ndipo wogulitsa amene alibe tchati mumuuze kuti mukuchifuna. Jinzi ikakana kukukwanani, isiyeni mutenge ina, thupi lanu musaliimbe mlandu.