Kulandira Chipukutamisozi ku Inshuwaransi Pambuyo pa Ngozi ya Njinga Yamoto

Ambiri a ife timayenda pa njinga yamoto, kaya ndi makatekisiti popita ku nthambi za parishi, kaya ndi akhristu okwera kabaza. Ngozi ikagwa, ena amataya ndalama zomwe akanalandira kaamba kosadziwa ndondomeko yake.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la chaka cha 1997 limalamula kuti njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwaransi. Inshuwaransi ya third party imalipira anthu ena amene woyendetsa wawavulaza kapena kuwaonongera katundu, koma siikonzetsa njinga ya mwiniwake. Ya comprehensive imalipiranso kuonongeka kwa njingayo, ngakhale kuti mwini njinga amaperekako gawo la ndalama lotchedwa excess.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi kuthandiza ovulala. Kenaka tidziwitse apolisi tsiku lomwelo, popeza kampani imafuna lipoti lawo isanalipire. Tilembe nambala ya galimoto inayo, kampani yake ya inshuwaransi ndi maina a mboni, ndipo tijambule zithunzi. Tisunge lipoti la dokotala ndi malisiti onse a kuchipatala. Tisafulumire kuvomera mlandu kapena kusayinirana kuti nkhani yathera pomwepo, chifukwa kuvulala kwina kumaonekera patapita masiku.

Mwini njinga adziwitse kampani yake msanga, alembe fomu, napereke laisensi ya woyendetsa, mapepala a umwini ndi mitengo yokonzetsera. Asakonzetse njingayo woyesa wa kampani asanaione. Ngati njinga ndi ya parishi, tiwauze bambo mfumu nthawi yomweyo.

Kampani ikhoza kukana kulipira ngati woyendetsa analibe laisensi, anali ataledzera, inshuwaransi inali itatha, kapena njinga yolembetsedwa kuti ndi yoyendera mwiniwake inkachita kabaza. Motero tinene zoona polembetsa ndiponso popempha malipiro.

Kampani ikatikaniza popanda chifukwa chomveka, tiyambe tadandaula kwa iyo mwa kalata. Zikakanika, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwaransi. Osowa ndalama zolipirira loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau. Tisazengereze, pakuti lamulo linaika malire a nthawi yokasumira kukhoti, ndipo nthawiyo ikadutsa mwayi umatha.