Njinga yamoto ku Mangochi: mapepala, inshulansi ndi zosinthasintha

Loweruka madzulo mukaima pafupi ndi chipilala cha wotchi chija pa boma, kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi, muona mitundu iwiri ya njinga zamoto. Pali za akabaza, zomwe zikusaka ya ufa, ndiye pali za ife ena amene timangoikonda njinga: yopukutidwa mpaka kuwala, ekizozi yolira ngati ndege, magetsi abuluu kunsi. Ine ndili m'gulu lachiwirili. Zomwe ndalemba apa ndi zoti aliyense amene ali ndi njinga, kapena akusunga ndalama yogulira, azidziwe asanaigwiritse sipanala. Zambiri ndinaziphunzira mowawa.

Zomwe zinandichitikira

Njinga yanga inali ya 125cc, yatsopano, yogula ndi ndalama zomwe ndinavutikira zaka ziwiri ku Joni. Ndinailembetsa bwinobwino, ndinadulanso inshulansi ya comprehensive chifukwa ndinkaopa akuba. Patapita miyezi ingapo, anzanga a 150cc anayamba kumandisiya pa zitunda za ku Namwera. Zinandiwawa. Ndinapita kwa makaniko, tinaikamo injini ya 150cc, tinasintha ekizozi, utoto wofiira uja n'kukhala wakuda. Sindinauze aliyense wa ku ofesi.

Tsiku lina ndikuchokera ku Monkey Bay, mbuzi inadumphira mumsewu cha pa Makawa. Ndinasupuka mkono ndi bondo, koma njinga ndiye inaphwanyika kutsogolo konse. Mumtima ndinati palibe vuto, inshulansi ilipo. Bambo amene kampani inatuma kudzaona njinga sanayambe n'kuona pophwanyika. Anagwada, anapukuta pa injini ndi kansanza, n'kuwerenga nambala. Kenako anati, "Achimwene, njinga yomwe tinaiteteza ife si imeneyi." Anapemphanso laisensi yanga. Inali ya A1. Nkhani inathera pomwepo, ndipo ndinakonzetsa ndi za m'thumba mwanga.

Sindiwada, chifukwa wolakwa ndinali ine. Lamulo lalikulu pa nkhani yonseyi ndi limodzi: njinga yomwe ili pamsewu ikhale yomweyo yomwe ili papepala.

Mapepala ofunika

Zonse zokhudza kulembetsa galimoto ndi njinga zamoto zili m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe tonse timangoti Road Traffic, potsatira lamulo la Road Traffic Act la 1997. Zolemba zawo zimasungidwa mu kompyuta ya MalTIS. Musanalembetse njinga m'dzina lanu kapena kuyamba za laisensi, mumayenera kukhala ndi Traffic Register Card, khadi lomwe limakuzindikiritsani inuyo mu kompyutamo.

Pa njinga pafunika izi: blue book, yomwe imaonetsa mwini wake, nambala ya chassis, nambala ya injini ndi mtundu wa utoto, nambala puleti, ndipo za kuno ku Mangochi zimayamba ndi MH, COF, yotsimikiza kuti njinga ili bwino kuyenda pamsewu, inshulansi, ndi laisensi ya woyendetsa. Chipewa choteteza kumutu nachonso ndi lamulo, kwa woyendetsa ndi wokwera kumbuyo yemwe.

Laisensi za njinga zilipo ziwiri. A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc. A ndi ya njinga zoposa pamenepo. Ndiye ngati muli ndi A1 koma mukuyendetsa ya 150cc kapena 200cc, kwa atrafiki ndi kwa a inshulansi muli ngati munthu wopanda laisensi. Laisensi ya B, ya galimoto yaing'ono, si ya njinga. Ambiri amadabwa nazo zimenezi pa rodibuloko.

Pogula: yatsopano, yakale, kapena yodutsa pa Chiponde

Tonse tikudziwa kuti njinga zambiri kuno, ma Lifo, ma SanLG, ma Kinglion, zimalowa kuchokera ku Mozambique, kudzera ku Mandimba ndi Chiponde. Kugula kumeneko si mlandu. Mlandu ndi kuilowetsa m'njira zachidule osalipira msonkho ku Malawi Revenue Authority. Popanda pepala la kasitomu, Road Traffic sikulembetserani. Popanda kulembetsa, palibe nambala puleti, palibenso kampani yomwe ingakupatseni inshulansi yoona. Njinga yotere imaoneka yotchipa tsiku logula lokha. Ikabedwa, mulibe choonetsa kupolisi kuti ndi yanu. Ikagwidwa, msonkho uja mulipirabe, kuphatikiza chindapusa.

Amene mukubweretsa njinga yaikulu kapena galimoto kuchokera ku South Africa, kuwonjezera pa msonkho pafunikanso chikalata cha apolisi akumeneko chotsimikiza kuti si yobedwa. Chitengeni musananyamuke, chifukwa mukafika kuno opanda, kubwerera n'kovuta.

Pogula yakale kwa munthu, musakhulupirire pakamwa. Tengani blue book m'manja, werengani nokha nambala ya pa felemu ndi ya pa injini, chilembo ndi chilembo. Pakaoneka popalidwa kapena pokhomedwanso, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Mukagwirizana, sinthani umwini ku Road Traffic mwamsanga. Wogulitsanso izi zimamuteteza: njinga ikagunda munthu ili m'dzina lanu, apolisi agogoda pakhomo panu. Inshulansi nayo siyendera limodzi ndi njinga. Ya mwini wakale ndi yake, inu mudule yanu.

Inshulansi: third party ndi comprehensive

Third party ndi imene lamulo limakakamiza. Imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu: mwana wa sukulu, mayi wa beseni la usipa pamutu, galimoto ya eni. Njinga yanu siilipira, bala lanu sililipiranso. Comprehensive imaphatikiza zonsezo ndi njinga yanu yomwe, ikaphwanyika, ikapsa kapena ikabedwa. Ndi yodula, koma kwa munthu amene waika ndalama zambiri pa njinga, ndi yomwe imamveka.

Makampani ake ndi monga NICO General, General Alliance, Reunion, Britam, United General Insurance ndi ena. Onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ngati mukuona kuti kampani yakuponderezani, kumeneko n'komwe mungakadandaule. Dulani ku ofesi ya kampani kapena kwa ejenti wodziwika, ndipo mutenge lisiti. Mapepala ogula kwa dobadoba pansi pa mtengo amaoneka enieni mpaka tsiku la ngozi.

Musanasaine, funsani zinthu zisanu izi.

Choyamba, malire a ndalama. Third party ili ndi pothera. Khoti likagamula chipukuta misozi choposa malirewo, yotsalayo ichokera kwa inu.

Chachiwiri, excess. Iyi ndi gawo la ndalama lomwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo yake.

Chachitatu, ntchito ya njinga. Ngati munalembetsa kuti ndi yoyendera inu nokha, koma madzulo mumaibwereketsa kwa mphwanu kuti apange kabaza, mwatuluka m'pangano. Mpikisano wothamanga nawonso inshulansi wamba siuvomereza.

Chachinayi, wokwera kumbuyo. Musangoganiza kuti chibwenzi chanu chili m'gulu la third party. Funsani, ndipo akuonetseni pomwe palembedwa.

Chachisanu, mtengo wa njinga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati mtengo wa pa inshulansi yanu ukadali wa chaka chomwe munagula, njinga ikabedwa ndalama yomwe mulandire siigula ina. Chaka chilichonse podula yatsopano, konzaninso mtengowo.

Mukafuna kuoloka ndi njinga kupita ku Mandimba kapena ku Lichinga, dziwani kuti Mozambique si membala wa COMESA, ndiye Yellow Card yomwe imagwira ntchito ku Zambia siikuthandizani kumeneko. Third party ya kumeneko mumadula pa chipata.

Ngozi ikachitika, thandizani wovulala kaye, kenako dziwitsani apolisi, jambulani zithunzi ndi foni, ndipo uzani kampani msanga. Popanda lipoti la apolisi kampani siyamba n'komwe kuona nkhani yanu. Zongogwirizana pamsewu kuti "tithana tokha" zimabwerera pakatha sabata, mwendo wa munthu ukatupa.

Zosintha zofunika kunena kaye

Injini, felemu ndi utoto zalembedwa mu blue book. Mukasintha chimodzi mwa izi, pitani ku Road Traffic akakonze zolemba, ndipo sungani lisiti ya injini yatsopanoyo yoonetsa komwe inachokera. Kampani ya inshulansi iuzeni musanasinthe, osati mutasintha, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Mwina akukwezerani mtengo pang'ono, mwina akana. Bola kudziwa lero. Zokongoletsa zodula, monga malimu ndi ekizozi yogula kunja, nazonso zinenedwe, apo ayi tsiku lolipira aziwerengera ngati kulibe.

Zosintha zomwe zimaononga njinga kuno kwathu

Mangochi si Lilongwe. Kuno kuli mchenga, fumbi ndi kutentha, makamaka mu October ndi November. Zomwe mumaona pa TikTok zinapangidwira misewu ina.

Kuchotsa air cleaner kuti njinga izilira mwamphamvu ndiye kulakwitsa koyamba. Ulendo umodzi wa ku Makanjira m'chilimwe, fumbi lalowa mu injini, ladya pisitoni ndi maring'i. Posachedwa njinga iyamba kufuka ndi kumwa oyilo.

Kuboola ekizozi kapena kuika paipi yopanda kanthu mkati kumasintha kayendedwe ka mpweya. Mukapanda kukonzanso kabureta, injini imalandira petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo imatentha kwambiri. Njinga zathuzi zimazizira ndi mphepo basi, zilibe madzi. Pa dzuwa la kuno mavalavu amapsa. Phokoso silionjezera liwiro ayi, limangoonjezera adani, makamaka mukamadutsa pa mzikiti nthawi ya swala, pa chipatala, kapena pomwe aika masamba pamsewu kusonyeza maliro.

Magetsi owala kwambiri amathobwa m'maso amene akubwera kutsogolo, ndipo m'misewu yathu ambiri mwa iwo ndi apanjinga zakapalasa opanda nyali. Akaikidwa mwachisawawa amamalizanso batire, mwinanso kuyatsa mawaya. Kuchotsa magalasi oonera kumbuyo kuti njinga ioneke "yoyera" ndi njira yachidule yolephera COF, komanso yogundidwa ndi minibasi.

A magalimoto othamanga, ma Altezza, ma Mark X, ma Subaru ndi ma Golf, nkhani ya mapepala ndi yomweyi. Choonjezera n'chakuti galimoto yotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi siigwirizana ndi mahampu a m'matauni athu kapena tinjira tamchenga topita kunyanja. Sampu ikabooka, injini yapita.

Zosintha zomwe zimathandizadi

Ndalama yoyamba ipite ku matayala abwino. Malo omwe njinga imagwira pansi ndi ochepa ngati chikhatho, ndipo pamchenga wa m'mbali mwa tala tayala lotha silikhululuka. Yachiwiri ipite ku mabuleki. Injini yaikulu pa mabuleki omwe anapangidwira yaing'ono imakupatsani liwiro lomwe simungathe kuliimitsa. Pa Makawa paja n'zomwe zinandigwetsa.

Ngati vuto lanu ndi zitunda, monga za ku Namwera kapena za njira ya ku Cape Maclear, simukufunika injini ina. Sipuloketi yakumbuyo ya mano ochulukirapo pang'ono imaonjezera mphamvu yokwera, kungoti liwiro la pamalo osalala limatsika ndipo petulo amathako msanga. Ya mano ochepa imachita zosiyana. Ndi yotchipa, ndipo nambala za mu blue book sizisintha. Ndikanadziwa izi, injini yanga ya 125cc ikanakhalapobe.

Zitsulo zotchinga miyendo ndi injini pogwa n'zothandiza. Loko yachiwiri, kapena tracker ngati thumba likulola, n'zofunika chifukwa malire ali pafupi ndipo njinga yobedwa siichedwa kuoloka. Tcheni muzitsuka ndi kuthira oyilo pafupipafupi, chifukwa mchenga ukasakanikirana ndi girisi umapala ngati tupa. Mukayenda m'mphepete mwa nyanja, musaiyendetse m'madzi pofuna chithunzi.

Chipewa chigulidwe chotseka nkhope yonse, chokukwanani, ndipo lamba wake azimangidwa. Chopachika pa handulo chimateteza handulo. Onjezani magolovesi, nsapato zotseka ndi jekete, ngakhale kutenthe. Bala la pamkono wanga linatenga mwezi kuti lipole chifukwa tsiku limenelo ndinavala malaya odula manja.

Pomaliza

Njinga yanga ikuyendanso. Ndinakalembetsa injini yatsopanoyo, ndinakwezetsa laisensi kufika pa A, ndipo a inshulansi anaijambula zithunzi momwe ilili panopa. Zinanditengera maulendo angapo ndi ndalama ndithu, koma zosafika pa zomwe ndinalipira kwa makaniko nditagwa.

Usiku uno, musanagone, tengani blue book ndi pepala la inshulansi, yatsani tochi ya pafoni, mugwade pambali pa njinga yanu. Werengani nambala ya injini ndi ya felemu, onani mtundu wa utoto, onani tsiku lothera inshulansi, onaninso chilembo cha pa laisensi yanu. Zikagwirizana zonse, tikumana Loweruka pa mlatho. Chimodzi chikasiyana, Lolemba mulawirire ku Road Traffic.