Zaka za munthu ndi nyumba yoyamba m'makomboni a Lusaka

Mu 2017 boma la Britain linatsegula thumba losungiramo ndalama lotchedwa Lifetime ISA, lothandiza ofuna kugula nyumba yawo yoyamba. Munthu akaikamo mapaundi 4,000 pa chaka, boma limawonjezerapo 1,000. Koma wotsegula ayenera kukhala wa zaka 18 mpaka 39, ndipo akakwanitsa 50 saikamonso kanthu. Kumeneko odandaula ndi achikulire amene anachedwa kupeza ndalama. Ku Lusaka nkhani yayenda mozondoka: wosunga ndalama kuboma ankauzidwa kuti ayambe wakula kaye, pomwe unyinji wa anthu a ku Kanyama kapena ku Chawama sunalowemo n'komwe m'kaundula.

Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, munthu wakuda ankapeza nyumba m'tauni chifukwa cha ntchito basi. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, azibwerera kumudzi. Lamulo la 1948 linalamula olemba ntchito ndi makhonsolo kuti azipezera antchito pogona, ndipo Matero anamangidwa m'zaka za m'ma 1950 potsata maganizo omwewo. Amene analibe bwana wowapatsa nyumba ankalipira kangachepe kwa eni mafamu ozungulira tauni n'kudzikira zisakasa ndi tinyumba ta zidina. N'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero amadziwika ndi mayina a azungu, monga George, John Laing ndi John Howard. Chawama nayenso poyamba ankatchedwa Roberts.

Ufulu wa 1964 unachotsa ziletso za maulendo, anthu anakhamukira m'tauni, nyumba za khonsolo zinachepa. Boma linakhazikitsa Zambia National Provident Fund (ZNPF) mu 1966, Zambia National Building Society mu 1970 ndi National Housing Authority mu 1971. Apa ndiye zaka za munthu zinalowa m'nkhani. Wantchito ankadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi kupita ku ZNPF, koma kuti alandire thumba lake la ukalamba ankadikira mpaka atakwanitsa zaka 50. Mnyamata wokwatira kumene, amene nyumba ankaifunitsitsa kuposa wina aliyense, nthawi zambiri ankangoona ndalama yake papepala. Choipa kwambiri chinadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 100 peresenti pa chaka. Zimene anthu anasunga moyo wawo wonse zinasanduka zogulira matumba ochepa a simenti. Ine sindidabwa kuti ana a anthu amenewa safuna kumva za kusungitsa ndalama kwa zaka makumi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene chinathandizadi makomboni sichinafunse zaka za munthu. Lamulo la 1974 linavomereza kuti malo okhalamo anthu popanda chilolezo angathe kukonzedwa m'malo mogwetsedwa, ndipo mwini nyumba ankapatsidwa chikalata chomulola kukhala pamalopo zaka 30. Chaka chomwecho, ndi ngongole ya World Bank, ntchito yolambula misewu ndi kuika mipope inayamba ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata, ndipo mabanja ankakongozedwa zipangizo zomangira. Ambiri sanabweze ngongolezo, n'zoona, koma nyumba za mabuloko zinamera pomwe panali zidina. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany.

Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, zina pamtengo wotsika kwambiri. Ku Matero mabanja ambiri anakhala eni nyumba motero. Mwayi unagwera amene dzina lake linali pa khadi la lendi, makamaka makolo. Achinyamata anatsala opanda kanthu, ndiponso khonsolo inalibenso nyumba zoti iwabwereke. Kuseri kwa nyumba zogulidwazo kunayamba kumera midadada ya lendi.

Bungwe la penshoni la NAPSA linalowa m'malo mwa ZNPF mu 2000. Wantchito amapereka 5 peresenti ya malipiro, bwana 5 peresenti. Mu 2015 zaka zopumira pantchito zinakwezedwa kufika 60, ndiye kudikira kunatalikanso. Kenako zinthu zinatembenuka. Kumapeto kwa 2022 zaka zotengera ndalama zakale za ZNPF zinatsitsidwa kuchoka pa 50 kufika pa 36, kutanthauza pafupifupi aliyense amene anasungako. Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola membala wa NAPSA kutapa kamodzi 20 peresenti ya zimene anasunga, ngati wapereka miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Lamuloli silitchula nyumba, koma ndilo loyandikira kwambiri thumba lija la ku Britain, ndipo ndikuliyamikira pa chinthu chimodzi: wa zaka 28 amene wagwira ntchito zaka zisanu sakuuzidwanso kuti ndi mwana.

Komabe pafupifupi anthu 70 mwa 100 alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni, ndipo ambiri mwa iwo alibe pepala la malipiro kapena chikalata cha malo chimene banki imafuna isanakongoze munthu. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Soweto amamanga ndi chilimba, gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthanasinthana. Mwezi umene walandira amagula mabuloko n'kuwaunjika pa puloti, ulendo wina simenti, wina malata. Amalowa chipinda chimodzi chikangofoleredwa, mawindo atatsekedwa ndi mabuloko osamata, kwinako khoma likadali lofika m'chiuno. Chipinda chachiwiri chikatha amaikamo wa lendi, ndipo lendiyo ndi imene imamangira chachitatu.