Kuchitira Masewera Olimbitsa Thupi Kumapiri: Zimene Zimasintha M'magazi Anu

Ngati mumathamanga mitunda italiitali, mwina munamvapo kuti akatswiri a ku Kenya amakonzekerera mipikisano ku Iten, pamtunda wa mamita 2,400. Njirayi inatchuka pambuyo pa mpikisano wa Olympics wa 1968 ku Mexico City, mzinda umene uli pa mamita 2,240. Imathandizadi, koma pokhapokha ngati malowo ali okwera mokwanira, mwakhalako nthawi yokwanira, ndiponso thupi lanu lili ndi ayironi wokwanira.

Kodi kumapiri kumachitika chiyani?

Mpweya wa kumapiri uli ndi okosijeni wokwana 21 peresenti monga kwina kulikonse, koma ndi wopepuka, choncho mukapuma kamodzi okosijeni wolowa m'magazi amachepa. Thupi limachitapo kanthu motere:

• Maola oyambirira: mumapuma mofulumira, zimene zimachepetsa asidi m'magazi. Pofuna kukonza zimenezi, impso zimataya bicarbonate kudzera mu mkodzo.

• Masiku oyambirira: madzi a m'magazi amachepa. Mukayezetsa panthawiyi, hemoglobin amaoneka wokwera, koma maselo atsopano amakhala asanapangidwe. Magazi amakhala angokhuthala chabe.

• Pa tsiku limodzi kapena awiri: impso zimatulutsa timadzi totchedwa EPO tochuluka, timene timachititsa mafuta a m'mafupa kupanga maselo ofiira ambiri.

• Pakatha milungu itatu kapena inayi: hemoglobin amawonjezerekadi, kawirikawiri ndi 3 kapena 4 peresenti, ndipo magazi amanyamula okosijeni wochuluka. Ena amapindula kwambiri, ena pang'ono chabe.

Mukatsika, phinduli limazilala pakangopita milungu yochepa.

Kodi ku Shamva n'kokwera mokwanira?

Ayi. Shamva ndi Bindura zili pafupifupi mamita 1,000, ndipo Harare ali pafupifupi mamita 1,500. Magazi amasintha mooneka munthu akamakhala ndi kugona pakati pa mamita 2,000 ndi 2,500. Malo otero ali kumapiri a Nyanga, kumene kuli Nyangani wa mamita 2,592, ndi ku Nyika m'Malawi. Kukwera phiri Loweruka lokha kumalimbitsa miyendo, koma sikuwonjezera magazi.

Dziwaninso kuti kumapiri simungathamange mwaliwiro ngati kumunsi. N'chifukwa chake mu 1997 Benjamin Levine ndi James Stray-Gundersen anasonyeza ubwino wogona pamwamba n'kumatsikira kumunsi pochita masewera aliwiro.

Yezetsani magazi musanapite

Popanda ayironi, thupi silingapange hemoglobin ngakhale EPO atachuluka. Malinga ndi bungwe la WHO, magazi ndi ochepa ngati hemoglobin ali pansi pa magalamu 13 pa desilita kwa amuna, kapena 12 kwa amayi osayembekezera. Malungo, likodzo, njoka za m'mimba ndi kutaya magazi ambiri posamba zimachepetsa magazi. Kudakali milungu ingapo ulendo usanafike, pitani kuchipatala cha Shamva kapena cha Bindura, ndipo funsani ngati angayezenso ferritin, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi.

Idyani chiwindi, nyama, kapenta, nyemba ndi bonongwe, pamodzi ndi zipatso monga masau ndi malalanje. Musamwe tiyi pa nthawi ya chakudya chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Musamwe mapiritsi a ayironi popanda kulangizidwa ndi achipatala, pakuti akachuluka amawononga chiwindi.

Ndani ayenera kusamala kwambiri?

• Amene munagwirapo ntchito mumgodi: fumbi la miyala limayambitsa silicosis, ndipo limodzi ndi chifuwa chachikulu limachepetsa mphamvu ya mapapo. Yambani mwaunikitsa pachifuwa.

• Amene muli ndi matenda a sickle cell, kapena amene munangotengera chibadwa chake kwa kholo limodzi: okosijeni akachepa, maselo angapindike n'kutseka mitsempha, makamaka ya kapamba.

• Odwala mtima, kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, komanso amayi oyembekezera.

Mukafika kumapiri

Chepetsani masewera pa sabata yoyamba ndipo imwani madzi okwanira. Mutu, nseru ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zakuti thupi silinazolowere. Pumulani ndipo musakwerenso. Mukayamba kubanika ngakhale muli chikhalire, kudzandira kapena kusokonezeka maganizo, tsikani nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala.

Musalole wina aliyense kukubayani jekeseni wa EPO m'malo mopita kumapiri. Bungwe la WADA limaletsa zimenezi, ndipo magazi akakhuthala mopitirira muyezo angaundane n'kuyambitsa sitiroko kapena matenda a mtima.